Mchere wa Apongozi ndi Mapiritsi Achikasu

Tsiku limene ndinalowa pakhomo pa apongozi anga ku Chileka, chinthu choyamba chimene anandionetsa sichinali munda kapena mjigo wotungapo madzi. Anandionetsa botolo la mchere. Linali botolo lakale la khofi, la chivundikiro chofiira, ndipo analigwira ndi manja awiri ngati chikho cha mgonero.

"Apongozi," anatero, pakuti nawonso ankandiitana choncho, "masiku anu aja akakwana, musamavutike ayi. Muzingondikuwira, mchere m'ndiwo ndizidzathira ndine. Mwana wangayu m'mimba mwake simuchedwa kukwiya."

Ndinagwada n'kuvomera. Mwambowo ndinkaudziwa, kwathu ku Lirangwe uliponso: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, akuti angadule mwamuna wake. Kungoti kwathuko atsikana a msinkhu wanga tinali titayamba kale kuuzemba. Sindinkayembekezera kuupeza uli wamoyo chonchi kwa mayi wa tchalitchi, wovala bulauzi yoyera Lachinayi lililonse, amene akamva za ula kapena zithumwa ankalavula n'kunena kuti ndi za mdima. Koma mchere sankauwerengera ku mdima. Mchere unali mchere basi.

Kwathu mwamuna ndiye amatsatira mkazi, koma amuna anga ankagwira ntchito yonyamula zikwama pabwalo la ndege, ndiye ankhoswe anagwirizana kuti anditenge chitengwa. Tinamanga kanyumba kathu pafupi ndi nyumba ya amayi awo. Khitchini yanga inayang'anana ndi khonde lawo, ndipo chapakati panali mwala umene azimayi a nyumba zoyandikana ankachapirapo zovala.

Mwezi woyamba ndinakuwa mosangalala, "Amayi, tabwerani mudzandithirireko mchere!" Anabwera akumwetulira, botolo kukhwapa, sipuni m'manja. Mwezi wachiwiri chimodzimodzi. Ndinkaona ngati ndi chikondi, ndipo mwina chinalidi chikondi. Chaka chitatha m'pamene ndinazindikira kuti mawu anga aja ndi chilengezo. Ndikangokuwa, azimayi a pamwala ankasiya kuchapa, n'kuyang'anana, ndipo dzuwa lisanalowe mudzi wonse unkadziwa kuti mkazi wa ku Lirangwe uja mwezi unonso sanaime.

Ndinayesa kumapita pakhonde pawo kukanong'ona. Sizinathandize. Apongozi anga anabadwa opanda mawu apansi. "Mcherenso?" ankatero, mawu ake ofika mpaka kumsewu. "Chabwino, ndikubwera!" Ndipo patapata zawo zinkalira kudutsa pabwalo ponse, phwa, phwa, phwa, aliyense akumva. Ndege ikakhala kuti ikunyamuka nthawi imeneyo ndinkathokoza Mulungu, koma ndege za ku Chileka sizichuluka moti n'kubisa manyazi a munthu mwezi ndi mwezi.

Zoti mwana wawo m'mimba mwake simuchedwa kukwiya, apongozi sananame. Amuna anga anayamba kudwala akadali mnyamata, ine ndisanawadziwe n'komwe. Madokotala a m'tauni anati ali ndi zilonda m'matumbo, matenda amene satha koma amangogona. Akadzuka, munthu amatsekula m'mimba mpaka magazi, amaonda, maso kulowa. N'chifukwa chake amuna anga ankadziwa zimbudzi zonse kuyambira ku Chileka mpaka ku Lirangwe: cha pasitolo iti chimakhala chokhoma, cha pasukulu iti chilibe chitseko, mlonda wa pati ndi wachifundo. Tsiku limene anabwera kudzaonekera kwathu, anapereka moni kwa amayi anga, ndipo asanamalize kuyankha kuti kaya inu, anafunsa kumene kuli chimbudzi. Amayi anga anandikokera pambali n'kunena kuti, "Mkamwini uyu ndi waukhondo. Wayamba ndi kuyendera chimbudzi ngati wa zaumoyo."

Chimene chinkagoneka matendawo ndi mapiritsi. Anali akuluakulu, achikasu chopita ku lalanje, omwa m'mawa ndi madzulo. Ankasintha mtundu wa mkodzo, ngakhale thukuta, moti kolala ya malaya awo a kuntchito inkachita chikasu, ine n'kumalimbana nayo ndi sopo pamwala paja. Amuna anga ankadana nawo mapiritsiwa. Ankati amawachititsa nseru, amawapweteketsa mutu. Akapeza bwino pang'ono ankayamba kudumphitsa dala. Ndiye ine, mkazi wabwino, ndinaitenga nkhaniyi kukhala yanga. Ndinkawaika m'dzanja, kuwapatsa madzi, n'kuimirira pomwepo mpaka ndione pakhosi pagwedezeka. Nthawi zina ndinkachita kuwauza kuti ayasamule ndione pansi pa lilime.

Tsiku lina anathawa m'mawa osamwa. Nditapeza mapiritsi ali patebulo ndinamanga chitenje, kukwera kabaza, n'kumuuza wopalasayo kuti aponde ngati kumbuyo kukubwera njovu. Tinawapeza pageti la bwalo la ndege ali pamzere ndi anzawo. Ndinatsika n'kukuwa, "Bambo inu, mankhwala!" Anamwera pomwepo, alonda akuseka, anzawo akuwomba m'manja. Kuyambira tsiku limenelo anzawo akandiona ankati kwabwera anamwino. Ndinabwerera kunyumba ndikudzitama mumtima kuti mwamuna wanga ndikumusamala.

Mwezi wina nditatopa ndi chilengezo chija, ndinathira ndekha mchere mwakachetechete. Tsoka sasimba, sabata yomweyo matenda anadzuka. Ine ndikudziwa kuti anadzutsidwa ndi kanyenya wa tsabola amene bambowo anadya ndi anzawo pamsika, koma ndani akanandimvera? Apongozi anangoti, "Mwezi uno sindinaitanidwe," n'kuyang'ana mwana wawo akuthamangira kuseri. Mlandu unathera pomwepo. Mwezi wotsatira ndinakuwa ngati kale.

Zaka zinadutsa. Anzanga amene tinakwatiwa nyengo imodzi anali atayamba kuitanidwa ndi mayina a ana awo, amake uje, amake uje. Ine ndinali ndikadali mkazi wa ku Lirangwe. Zinkandipweteka kwambiri, ndisaname. Amayi anga nawo sanagone. Ndikapita kwathu ankanditengera kwa mayi wina wa kuseri kwa msika wodziwa mizu. Ndinamwa zowawa, ndinamwa zonunkha, ndinamwa zina zimene zinanditsekula m'mimba mpaka ine ndi amuna anga tinayamba kulimbirana chimbudzi chimodzi. Ndinamangidwa mkuzi m'chiuno. Kutchalitchi nako anandisanjika manja mpaka duku kuvuka. Palibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine mwini, amene anayang'anako kwa bambo uja. Ndinapita kuchipatala, anandiyeza, n'kunena kuti sakuona chovuta, ndibwere ndi mwamuna. Nditawauza amuna anga, anaseka.

"Ine? Kwathu kuno kulibe amene anagwa mu mpapaya. Bambo anga anabereka mpaka amayi kuchita kuwathawa."

Kenaka pakhonde pa apongozi panayamba kufika mlendo. Anali mwana wa mnzawo wa ku Madziabango, mayi wonenepa bwino, ukwati wake unatha, wa ana awiri. Akabwera ankamuphera nkhuku, ndipo apongozi ankanyamula ana akewo n'kumawayamikira mokweza, nkhope atalozetsa kukhitchini kwanga. "Ena mimba zawo ndi dimba, eti! Kungoponya mbewu basi." Pasanapite nthawi ndinamva kuti ankhoswe auzidwa kuti tikakolola pakhale zokambirana. Ndinadziwa tanthauzo lake. Ndinayamba kuyang'ana mapoto anga n'kumaganiza kuti ndi ati amene ndinabwera nawo kuchokera ku Lirangwe. Amuna anga ankandikonda, zimenezo sindinkakayika, koma pamaso pa amayi awo ankasanduka phala.

Tsiku lawo lokaonana ndi dokotala wa m'mimba litafika, ndinawaperekeza, chifukwa akapita okha ankakanama kuti samva chilichonse. Tinapeza dokotala watsopano, mayi wachitsikana wa magalasi. Anafunsa za chimbudzi, za magazi, za chakudya. Kenaka, akulemba, anafunsa mongocheza.

"Ana alipo angati kunyumba?"

Amuna anga anayang'ana kudenga. Ine ndinayang'ana zala zanga. Ndinayankha ndine, kuti palibe, ndipo kuti si kufuna kwathu.

Adokotala anasiya kulemba. Anatenga botolo la mapiritsi achikasu lija, limene ndinali nditaliika patebulo monyadira, n'kulitembenuza.

"Bambo, mankhwalawa munayamba liti?"

"Kalekale, ndisanakwatire."

"Mumamwa mosadumphitsa?"

Apa ndinalowerera ndine, chifuwa chili patsogolo. "Sadumphitsa, adokotala. Ndimaonetsetsa ndine. Ngakhale kuntchito ndimawalondola."

"Mumachita bwino, mayi," anatero adokotala, koma anandiyang'ana mwachifundo china chake chimene sindinachikonde. "Kungoti mankhwala amenewa, kwa abambo ambiri, amachepetsa mbewu. Munthu amakhala bwinobwino, mphamvu zonse zilipo, koma mbewu zimachepa ndiponso zimafooka. Sanakuuzeni pamene munkayamba?"

Amuna anga anati mwina anawauza, koma nthawi imeneyo maganizo awo onse anali pa chimbudzi, za ana zinali kutali. Ine ndinkangoona kabaza uja, ine ndili pambuyo, ndikumuuza munthu kuti aponde.

Anawatumiza kukayezetsa. Kumeneko anawapatsa kabotolo n'kuwalozera kachipinda kumapeto kwa khonde. Ndinakhala pabenchi kudikira. Ndinadikira mpaka mayi amene ndinakhala naye pafupi anandifunsa ngati bambowo sanakomokemo. Potuluka anali thukuta lokhalokha, kabotolo atakabisa m'thumba la malaya ngati katundu wakuba. Munthu amene zimbudzi za boma lonse zinkamudziwa, kachipinda aka kokha ndi kamene kanatsala pang'ono kumugonjetsa. Panjira anandiuza kuti kunja kwa zenera kunali anthu akukangana za mpira, ndiye maganizo ankangothawira komweko.

Titabwerera kukamva zotsatira, adokotala sanazungulire. "Mbewu zilipo, bambo, koma ndi zochepa. Ndipo zochepazo ndi zaulesi."

"Zaulesi?" Amuna anga anadzuka pampando. Zoti ndi zochepa anazimeza, koma ulesi unawalasa. "Adokotala, ine ndimanyamula zikwama kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Funsani aliyense pa Chileka."

Adokotala anabisa kuseka ndi dzanja. Anati si mlandu wawo, ndipo nkhani yabwino ndi yakuti vutoli limabwerera m'mbuyo. Atisinthira mankhwala, apereka ena ogoneka matenda omwewo koma osakhudza mbewu. Anawachenjeza kuti asayerekeze kungosiya okha osamwa kanthu, chifukwa matenda akadzuka ndiye kuti zonse zaima. Ndipo anati tidekhe, thupi limatenga miyezi ingapo kuti lipange mbewu zatsopano.

Mu minibasi pobwerera ndinali wokwiya kwambiri. Ndinakumbukira mizu yonse ija, mkuzi, nkhuku zophedwera mlendo wa ku Madziabango. Akuluakulu amati nkhuyu zodya mwana zinapota wamkulu. Pakhomo pathu mapiritsi ankameza ndi bambo uja, koma kupotako ankamva ndine. Ndiye ndikaganiza kuti wowamwetsa ndinali ine ndemwe, mkwiyo unkasanduka chiseko, chiseko n'kusandukanso misozi, mpaka kondakitala anandifunsa ngati ndikupita kumaliro kapena kuukwati.

Titatsika, amuna anga anandigwira mkono. "Chonde, amayi musakawauze. Ndiwauza ndekha nthawi yabwino ikapezeka."

Nthawi yabwino ya amuna anga ndinkaidziwa. Inali yofika chimanga chitalowa kale m'nkhokwe, ine ndili ku Lirangwe ndi mapoto anga.

"Sindikawauza," ndinatero. "Koma mwezi uno, masiku anga akakwana, mchere mukaitana ndinu. Ine pakamwa panga patopa."

Anaganiza kuti ndikuseka. Masiku atakwana linali Loweruka, iwo ali pakhomo. Ndinaphika nyemba, zinapsa, ndinakhala pampando n'kupinda manja. Ndinawauza kuti ndiwo zilibe mchere, ndipo zikhala choncho mpaka wina akuwe. Anazungulira nyumba. Anapita kuchimbudzi, anabwerako, anapitanso. Pamwala paja azimayi anali atadzaza ndi zochapa za Loweruka. Pomaliza anaima pakhomo pa khitchini, anatsokomola, n'kutulutsa mawu ang'onoang'ono.

"Amayi! Mchere!"

Kuchapa kunaima. Apongozi anasuzumira pakhonde pawo, n'kuyang'ana mwana wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, wayamba liti kupita kumwezi?"

Azimayi a pamwala anagwa nako kuseka, wina mpaka anakhala m'beseni. Ine ndinkayembekezera kuti bambo uja athawira kuseri monga mwa masiku onse. Sanathawe. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi botolo la mapiritsi achikasu, n'kuima pakati pa bwalo.

"Amayi, ndaitana ndine chifukwa nkhaniyi ndi yanga. Mkazi wangayu alibe vuto. Vuto lili mwa ine, labwera ndi mankhwala awa. Adokotala ayeza, apeza. Ndiye za ankhoswe zija zithe, ndipo alendo a ku Madziabango azibwera kudzacheza basi."

Mpaka lero ndikakumbukira ndimamva kutentha m'maso. Mwamuna amene sankatha kukana ngakhale tiyi wa amayi ake, anavula ulemu wake pamaso pa azimayi ochapa kuti andiveke ine. Ndinamukonda tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati.

Apongozi analandira botololo, analiyang'ana, analigwedeza. Ndinkadikira kuti mwina apepesa. Anatembenukira kwa ine.

"Nanga mapiritsiwa amamumwetsa ndani tsiku ndi tsiku?"

"Ndine, amayi."

"Ehe! Si ndinkanena ine?"

Anathira mchere m'nyemba zija n'kubwerera, phwa, phwa, phwa, ali wopambana ngati kale. Ndinaseka mpaka m'nthiti kuwawa. Ukakhala mtengwa, mlandu ngakhale utazungulira bwanji umadzagona pakhomo pako.

Mankhwala atsopanowo sankapezeka kawirikawiri kuchipatala. Oyamba anabwera ndi msuweni wa bambo uja wochokera ku Joni, ndipo chikwama chake anachitsitsa m'ndege ndi amuna anga omwe. Akuti chiyambire ntchito sananyamulepo chikwama mwaulemu ngati chimenecho. Kolala ya malaya inayera. M'mimba munavuta pang'ono poyamba, kenaka munakhazikika. Anzawo a kuntchito, amene nkhani inawapeza tsiku lomwelo, ankawafunsa m'mawa uliwonse ngati aulesi aja adzuka. Ankangoseka nawo.

Koma mwezi unabwera, masiku anga anakwana. Wina unabwera, anakwananso. Tinakolola, ankhoswe sanabwere, komabe mtima wanga sunakhale pansi. Ndinayamba kuopa kuti mwina adokotala analakwitsa, mwina bambo uja anadzichotsera ulemu pachabe, mwina vuto lili mwa ine ndithu. Amayi anga ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinkati nkhonoyo ndaidikira zaka zokwanira.

Chinthu chimodzi chokha chinasintha, ndipo ndinachedwa kuchizindikira. Sindinkakuwanso. Apongozi ankadziwa masiku anga kuposa ine mwini, ndiye akakwana ankangotulukira okha, atazungulira kuseri kwa nyumba, opanda patapata, botolo atalibisa m'chitenje. Ankathira mchere osanena kanthu n'kubwerera njira yomweyo. Wina akawaona ankati anabwera kudzapala moto. Mawu oti pepani sanatulukepo pakamwa pawo, ndipo sindikhulupirira kuti adzatuluka. Kupepesa kwawo kunali kuyenda chopanda nsapato pa minga ya kuseri kwa nyumba yanga.

Ndiye kunabwera mwezi wina, mvula yoyamba itagwa. Ndinali nditaphika nkhwani wotendera. Ndinamva kaphokoso kuseri, apongozi n'kulowa, botolo m'chitenje, sipuni m'manja. Anavundukula poto.

"Ndathira kale, amayi," ndinatero.

Anandiyang'ana moopsa, poganiza kuti ndayambiranso zozemba zija. Ndinapukusa mutu. Anatuluka. Mawa lake anabweranso, ndinawauza chimodzimodzi. Mkuja wake anabweranso. Anapitiriza choncho mpaka sabata inatha, ina n'kuyamba, tsiku lililonse kulowa ndi sipuni, kutuluka nayo youma. Tsiku lina analowa n'kutseka chitseko. Anatapa ndiwo pang'ono, analawa, n'kukhala pa mtondo umene unali pakona.

"Wathira ndani mchere umenewu?"

"Ndathira ndekha, amayi."

"Masiku aja?"

"Sanabwere."

Anayang'ana sipuni ija. Kenaka mayi uja, amene zaka zonsezi analengeza kulephera kwanga mpaka kumsewu, anandikokera pafupi, n'kupeza mawu apansi amene ndinkati anabadwa opanda.

"Mwana wanga," ananong'ona, ndipo kanali koyamba kundiitana choncho, "musauze munthu. Zimenezi sanena."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kutsegula chitseko. Anaiwala kuzungulira kuseri, anatulukira pabwalo penipeni. Azimayi a pamwala anali atasiya kale kuchapa, makutu ali tcheru.

"Mukuyang'ana chiyani?" anakuwa apongozi. "Ndinabwera kudzapala moto ine!"

M'manja mwawo munalibe khala ngakhale limodzi. Botolo la chivundikiro chofiira analisiya pa alumali yanga, ndipo mpaka lero, mwana akuthamangitsa kale nkhuku pabwalo, sanabwere kudzalitenga.